Nkhunda za agogo zabwerera ku Kandeu

Lachiwiri m'mawa, ndikupukuta nsapato kuti ndizipita kusukulu kumene ndimaphunzitsa, foni inalira. Anali msuweni wanga Esinta, wa ku Kandeu.

"Asuweni, mwataya chiyani kumeneko?"

"Palibe," ndinayankha. Linali bodza.

"Nanga izi zili padenga la agogo pano n'zandani? Zilipo zinayi. Ina ndi yoyera ija ya khosi lofiira. Zafika dzulo dzuwa litapendeka, zikungozungulira pamene panali khola paja. Aphunzitsi athunthu kulephera kuweta nkhunda! Nanga ana a eni ake mumawasunga bwanji?"

Ndinaseka kuti asamve kuti ndadzidzimuka. Lolemba lonse nditaweruka ndinali nditayendera makola a anthu pa Manjawira pano, kusuzumira ngati wakuba, poganiza kuti wina wazinyengerera ndi gaga. Za ku Kandeu sindinaziganizeko n'komwe. Kuchokera kuno, munthu amakwera minibasi mpaka pa boma, kenako njinga yamoto, n'kukafika msana ukuwawa. Mbalame zimenezi zinabwera kuno zili m'dengu, pamwamba titaphimba chitenje. Njira zinaionera pati?

Ndikuuzeni kaye mmene zinafikira kwanga.

Agogo anga aNangozo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anagwa m'munda mwezi wa Febuluwale. Anaterereka pamzere, mwendo n'kupindika. Anakhala pomwepo kuyambira m'mawa mpaka masana, mvula ikuwanyowetsa, kufikira Esinta atawapeza. Atatuluka m'chipatala, ife achibale tinakhala pansi n'kugwirizana kuti asakhalenso okha. Ine ndinati abwere kwanga. Nyumba yanga ili pafupi ndi msewu waukulu, galimoto sizivuta, ndipo mkazi wanga amakhala pakhomo masana.

Zonsezi tinagwirizana tili pakhonde, eni ake ali chigonere m'chipinda.

Titawauza, sanakane. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Nanga nkhunda zanga, amuna anga?"

Agogo amanditcha amuna awo kuyambira ndili ndi kabudula wong'ambika, ndipo mkazi wanga amamutcha mkazi mnzawo. Ndinati nkhunda tipita nazo. Zinalipo zisanu n'imodzi.

Aliyense amene anawetako nkhunda kwathu kuno akudziwa mmene timachitira. Nkhunda yachilendo suimasula. Umaizula nthenga zazitali za m'mapiko kuti izingoyenda pansi ngati nkhuku. Pamene nthengazo zizidzameranso, imakhala itazolowera madzi a pakhomopo, mwina itaikira kale mazira, ndipo sichokanso. Ine ndinawonjezerapo nzeru zanga: ndinaphwasula khola la ku Kandeu, matabwa ake n'kukweza m'galimoto momwemo, kuti ngakhale zitaganiza zobwerera zikapeze palibe kolowa.

Tsiku lozula, agogo ndiwo ankandigwirira mbalamezo, imodziimodzi.

"Zulani bwino, amuna anga. Si nkhuku yokaphika iyi."

Ndinazula zonse zisanu n'imodzi.

Miyezi iwiri agogo akhala nafe, ndipo ndikunena poyera kuti palibe chimene tinawamana. Tinawagulira matiresi. Tiyi m'mawa, madzi otentha osamba, mankhwala pa nthawi yake. Akagwira tsache, mkazi wanga ankathamanga: "Siyani agogo, ndisesa ine." Akatenga lichero kuti apete nyemba: "Khalani pansi agogo, mwendo uja." Akafuna kupita kumsika, ine ndinkati msewu wa kuno ndi woopsa, malole saona munthu.

"Mkazi mnzanga uyu akufuna ndiwole ndili moyo," ankatero agogo akuseka, ifenso n'kuseka.

Koma ine ndinkaona zina. Mwana wokulira m'manja mwa ena amaphunzira kuona zambiri n'kunena zochepa, ndipo khalidwe limenelo silitha ngakhale ndevu zimere. Ndinkaona kuti zovala zawo sanaziike m'kabati imene tinawapatsa, zinali chimangire m'chitenje pansi pa bedi. Ndinkaona kuti mtedza umene tinkawakazingira unkathera pansi pa khola. Ndipo m'mawa uliwonse ankagwira nkhunda imodzi, kuitambasula phiko n'kuliyang'ana padzuwa, ngati mayi amene akuona nsalu pamsika.

Ndikafunsa kuti, "Zamera, agogo? Tizulenso?" ankati, "Zikadali zazifupi. Loweruka linalo."

Loweruka linalo silinafike. Lolemba linafika, nkhunda zinayi n'kusowa.

Nditalandira foni ya Esinta, masana ndinapita kwa a Jailosi, aneba anga. Bamboyu anakhala zaka zambiri ku Joni, ndipo ntchito yake kumeneko inali yosamalira nkhunda za bwana wake, nkhunda za mpikisano. Inde, mpikisano. Nanenso tsiku loyamba ndinkayesa akundinamiza.

Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, mukadandifunsa! Nkhunda yaikulu sisamuka. Mukafuna kuyamba khola mumatenga maunda, ana amene sanatulukeko n'kuona denga la kwawo. Koma imene yaikira mazira zaka zitatu pamalo amodzi? Zulani kakhumi, mukungoichedwetsa."

Kenako anandifotokozera za ntchito yawo ija. Amati mwana wa nkhunda akangobadwa amamuveka mphete ya nambala kumwendo, ndipo imakhala pomwepo moyo wake wonse. Akakula amayamba kumuphunzitsa: lero kumutulutsira kuseri kwa phiri, sabata yamawa patsogolo pang'ono, mpaka kutali. Tsiku la mpikisano, eni nkhunda a m'dera lonse amabweretsa mbalame zawo m'madengu, lole n'kuzinyamula ulendo wautali ngati wochoka kuno kukafika kumpoto kwenikweni. Kukacha amatsegula madengu onse nthawi imodzi.

"Kumwamba kumada bii, aphunzitsi. Zimazungulira kamodzi, kawiri, kenako gulu lija limang'ambika. Izi uku, izi uko."

"Nanga pomalizira pamakhala pati?" ndinafunsa.

"Palibe pomalizira pamodzi. Iliyonse ikupita kwawo. Mwini wake amakhala pakhomo, khosi lili m'mwamba, wotchi ili pambali. Ikalowa m'khola, nthawi yalembedwa. Ndiye amaona kutalika kwa ulendo wa iliyonse ndi nthawi imene yatenga. Bwana wanga, munthu wamkulu ndi mimba yake, ankalira misozi ikatulukira."

Ndakhala ndikuganiza za mpikisano umenewu sabata yonse. Wothamanga pa bwalo amadziwa kuti pali chikho. Hatchi ili ndi munthu pamsana woikwapula. Koma nkhunda sidziwa kuti ili pa mpikisano. Sikudziwa za wotchi, sikudziwa za anthu amene abetcherana. Iyo yangodzuka pamalo achilendo ndipo ikufuna kwawo. Anthu anangoona kufuna kumeneko n'kukuikira nambala.

A Jailosi anandiuzanso china. Ena, pofuna kuti yaimuna ithamange kwambiri, amailekanitsa ndi mkazi wake masiku angapo. Tsiku loti ikwere lole amaionetsa mkaziyo kanthawi kochepa, n'kuitsekera m'dengu. Imabwera ngati mphezi.

"Si nkhanza zimenezo?" ndinatero.

"Nanga inu munazula nthenga chifukwa chodana nazo?" anandiyankha.

Zimene ndawerengapo zikuti nzeru imeneyi ndi yakalekale, isanabwere positi, isanabwere lamya. Mafumu a maiko akutali ankatumiza mauthenga pa nkhunda. Amalonda ankadziwitsana mitengo ya katundu. Pa nkhondo zikuluzikulu zija, zimene ena mwa azigogo athu anakamenya nawo, asilikali ankanyamula nkhunda m'madengu. Akazingidwa, ankalemba kakalata, kukamangirira kumwendo, n'kuiponya m'mwamba. Zina zinkafika zitawomberedwa, magazi ali chuchuchu, koma kalata ili pomwepo, ndipo anthu ankapulumuka. Mpaka lero ophunzira sanagwirizane kwenikweni kuti njira zimaidziwa bwanji. Ena amati zimayang'ana dzuwa, ena amati zimamva mphamvu ina ya m'nthaka, ena amati fungo.

Koma pali chimodzi chimene onse amavomereza. Nkhunda sungaitume kulikonse kumene wafuna. Sungaiuze kuti pita ku Balaka ukapereke ichi. Imadziwa ulendo umodzi wokha, wobwerera kwawo. Amene ankafuna kulandira uthenga ankayenera kupereka nkhunda za pakhomo pake kuti ena apite nazo.

Tsono tiyeni tisiye mbalame pang'ono, tikambe za ife.

Ndi angati mwa inu amene muli ndi mayi kapena gogo kuchipinda chakumbuyo, amene munakamutenga kumudzi chifukwa chomukonda? Sindikukunyozani, ndine mmodzi wa inu. Timakawatenga chifukwa kumudzi chipatala chili kutali, chifukwa tikuopa foni ija yoti tawapeza atagwa, chifukwa anthu angatinene kuti tinaphunzira n'kuiwala. Zifukwa zake n'zoona zonse.

Koma taonani zimene timachita akafika. Khasu timalanda. Tsache timalanda. Mphika timalanda. Munthu amene zaka zonse ankadzuka tambala asanatsike, amene ankadziwa mbuzi ya aliyense, maliro a aliyense ndi mkangano wa malire a munda uliwonse, timamukhazika pampando kuti aziyang'ana geti. Anzake a kumpingo palibe. Womufunsa nzeru palibe. Akadwala mutu palibe wobwera kudzati, "Mwadzuka bwanji aNangozo?" chifukwa kuno dzina limenelo palibe akulidziwa. Kuno ndi "agogo a aphunzitsi" basi.

Ndiye akayamba kuonda timadabwa. Timati, koma akudya bwino, akugona pabwino, akusowanso chiyani?

Pa nkhunda zisanu n'imodzi zija, ziwiri sizinachoke. Nthenga zinamera ngati zinzake, khomo linali lotsegula lomwelo, koma zili kuno mpaka lero. Chifukwa chake n'chakuti zili ndi maunda awiri m'khola, ofuna kudyetsedwa. Sizinatsale chifukwa cha kuzula kwanga. Zinatsala chifukwa pali pakamwa pamene pakuziyembekezera.

Agogo ife tinawapatsa chiyani choti chiziwayembekezera?

Lachiwiri lomwelo nditachoka kwa a Jailosi ndinawapeza agogo ali pamphasa.

"Esinta waimba. Nkhunda zili ku Kandeu."

"Zonse zinayi? Yoyera ija nayonso?"

"Nayonso."

"Ha! Nkhalamba imene ija. Ndimati kabawi aidya panjira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Mukazitenga liti?"

"Loweruka."

"Ndipita nawo. Inu simungazigwire, zimakudziwani kuti ndinu wozula. Ndikangokugwirirani, tibwerera limodzi."

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Loweruka m'mawa agogo anatuluka m'chipinda atanyamula mtolo wawo uja wa pansi pa bedi. Palibe anafunsa kuti wa chiyani pa ulendo wa tsiku limodzi.

Titatsika njinga pa Kandeu, munthu amene kwathu ankatenga nthawi kuti achoke pakhonde kufika kubafa anali patsogolo panga, ndodo ikungogunda pansi mwa apo ndi apo. Amayi a pa mjigo anasiya zidebe. "ANangozo! Mwabwera? Tinkati mwakakwatiwa kutauni!" Iwo n'kumayankha aliyense ndi dzina lake, kufunsa za mwana wodwala, za ng'ombe imene inali ndi bere.

Pakhomo udzu unali utamera mpaka pakhonde. Nkhunda zinayi zija zinali padenga, zitayang'ana mabowo anayi amene ndinasiya pansi pozula mitengo ya khola. Masiku asanu zinagona panja, pamphepo ya mwezi uno, pafupi ndi khola loti kulibe.

Agogo anapempha chimanga kwa Esinta, anathira m'mbale yachitsulo n'kuigwedeza. Sanaitane n'komwe. Zinatsika zonse, yoyera ija n'kutera pamkono pawo. Anaigwira bwinobwino n'kundipatsa.

"Nayi, amuna anga. Zulani."

Esinta anabweretsa dengu. Ndinakhala pa chitsa, ndinatambasula phiko. Nthenga zinali zatsopano, zosalala, zopanda ndi kothyoka komwe. Pansi pa zala zanga kamtima kake kankagunda mofulumira. Ndinagwira nthenga yoyamba.

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene sindinachiganizeko zaka zambiri.

Mayi anga atamwalira, bambo atatsogola kale, ndinali ndi zaka zisanu n'zitatu. Tinkakhala kufupi ndi Sharpevale, kumene makolo anga ankalima mpunga. Maliro atatha, akuluakulu anakhala pakhonde n'kugwirizana kuti ndipite kwa agogo ku Kandeu. Inenso ndinali m'nyumba pamene ankagwirizana.

Ndinathawa kawiri. Sindinkalira, sindinkauza munthu, ndinkangotsata msewu wotsikira kuchigwa. Kawiri konse anthu a ngolo anandibweza. Amalume anati mwana ameneyu akufunika chikoti, ena anati azimutsekera m'nyumba. Kachitatu ndinanyamuka m'mawa, ndipo ndisanafike patali ndinamva mapazi kumbuyo. Anali agogo, atamanga chinangwa chootcha m'kansalu.

"Mukuyenda msanga bwanji, amuna anga? Dikirani akazi anu."

Sanandibweze. Tinayenda limodzi, pena wapansi, pena pangolo, mpaka tinafika. Nyumba inali yokhoma, zenera atakhomerapo lata. Ndinazungulira kuseri, ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko, ndinapita pamene mayi ankayanika mpunga. Agogo anangokhala pakhonde. Tinadya chinangwa chija. Dzuwa litapendeka ndine ndinati, "Agogo, tiyeni."

"Tsiku lina mukafunanso kubwera, mundiuze," anatero. "Osapita nokha."

Tinapitakonso kawiri chaka chimenecho. Kenako ndinasiya ndekha.

Ndinatseka phiko lija. Ndinatsegula manja, nkhunda n'kubwerera padenga.

"Asuweni, nanga dengu ndabweretserenji?" anatero Esinta.

"Kodi kuno kungapezeke mitengo inayi yowongoka?" ndinafunsa.

Agogo anali atapeza kale tsache, akusesa pakhonde, atatifulatira. Anasesa malo amodzi nthawi yaitali.

Musaganize kuti ndikukuuzani nkhani yoti zonse zatha bwino. Mwendo uja sunachire kwenikweni. Chipatala chikadali kutali. Mzere umene anagwerapo ukadali pomwepo, ndipo mvula idzabweranso. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, timatero, koma mwambi sudzutsa munthu akagwa m'munda. Ndinamutengera Esinta pambali n'kumuuza kuti ndikuopa, ndiponso kuti ndikudziwa kuti ndikumusenzetsa katundu.

Anandiyang'ana ngati mwana wa sitandade wanu.

"Katundu? Ndani ankawatungira madzi musanabwere ndi galimoto yanu? Ndani anawapeza m'munda muja? Tsiku lija pakhonde munalankhula amuna nokhanokha, a mabuku. Ine simunandifunse, eni ake simunawafunse. Pitani mukaphunzitse, asuweni. Koma mwezi usamathe musanaponde pano, ndipo mankhwala awo muzibwera nawo nokha, osatumiza pa njinga."

Tinagwirizana, ulendo uno agogo ali pomwepo pamphasa. Kumunda wakutali uja sapitanso, azilima kadimba ka kuseri kwa nyumba. Esinta aziwaona m'mawa ndi masana. Foni imene ankaisunga m'chitini cha shuga aziimangirira pachitenje. Pa mfundo imeneyi tinakangana kwambiri, chifukwa amati imalira ngati chule.

Khola tinamanga tsiku lomwelo, la mitengo ndi nsungwi, lalifupi kuti agogo azifikira osakwera pa mtondo ngati kale. Lisanathe n'komwe, yoyera ija inali italowa kale, ikuzungulirazungulira m'kati n'kumalira.

Pobwerera agogo anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kumsewu. Ndinawapempha kuti akhululuke. Anachita ngati sanamve.

"Mukamuuze mkazi mnzanga kuti chipinda chija asaikemo matumba a chimanga. Tikamalowa m'dzinja ndibwera ndidzakhale mwezi, mwina iwiri. Ndipo andisungire lichero langalanga, ndi nyemba zosapeta."

"Ndidzabwera kudzakutengani."

"Ayi. Ndidzakuuzani ine tsiku lake."

Ndinakwera njinga, dengu lopanda kanthu lili pamiyendo. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Foni ikalira m'mawa ndimayamba ndayang'ana dzina, mtima uli m'mwamba, ndipo ndikudziwa kuti zikhala choncho mpaka kalekale. Mantha amenewo ndawasenza ndine tsopano. Miyezi iwiri yapitayi ndinkagona tulo tabwino, koma amene ankalipira tulo timeneto anali munthu wina, ali chete pamphasa.

Inu amene muli ndi wanu kuchipinda chakumbuyo, sindikuti mukam'bweze mawa. Ena alibe Esinta, ena matenda awo salola. Ndikungofunsa chimodzi. Tsiku limene munagwirizana zoti asamuke, mwini wakeyo anali pakhonde pomwepo, kapena anali m'nyumba akumvera pa zenera?